MASAMU A NTHAKA: M'MENE AKATSWIRI AWERENGERA MINDA YA KUM'MAWA

Pa kuwerenga anthu kwa caka ca 1969, m'Cigawo ca Kum'mawa munapezeka anthu monga 510,000. Pa kuwerenga kwa caka ca 2022 munapezeka anthu oposa 2,400,000. Ndiko kunena kuti pamene panali kudya munthu mmodzi, lero pakudya anthu pafupifupi asanu, koma dziko lace ndi lomwe lija; silinakule ngakhale ndi mzere umodzi. Nyakwawa iriyonse idziwa zimenezi popanda kuona pepala, pakuti mirandu ya malire ndiyo icuruka pabwalo masiku ano, ndipo mnyamata wokwatira kumene akapempha polima amlozera kuphiri, kapena kudambo kumene makolo anali kudyetsako ng'ombe.

Alipo anthu amene nchito yao ndiyo kuwerengeratu zinthu zotere zisanacitike. Ena ali ku Unduna wa za Malimidwe, ena ku University of Zambia, ena ku bungwe la IAPRI ku Lusaka limene lifufuza za cuma ca ulimi. Mafunso ao ndi onga awa: Boma likakweza mtengo wa thumba la cimanga, minda ya cimanga idzaonjezeka ndi mahekitala angati, ndipo malo ace adzacokera kuti, ku nshawa kodi kapena kuthengo? Mseu watsopano ukalowa m'dera lakuti, nkhalango idzatsala yotani patapita zaka khumi? Mayankho amene iwo apeza amafika pa matebulo pamene pamangidwa mfundo za fataleza, za kugulitsa cimanga kunja, za miseu ndi za nkhalango. Cifukwa cace nkoyenera kuti mlimi adziwe m'mene masamu amenewa ayendera, pakuti munda umene auwerenga ndi wace.

Cida cimene akatswiri agwiritsa nchito acicha cifaniziro. Mwana wobusa akaumba ng'ombe yadothi amaika nyanga, linunda ndi miyendo inai, nasiya ubweya ndi matumbo. Komabe aliyense woiona adziwa kuti ndi ng'ombe. Cifaniziro ca masamu ciri cimodzimodzi. Katswiri atenga zinthu zazikuru zokha, monga nthaka, anthu, mvula, mtengo wa mbeu ndi utali wa ulendo wa kumsika, nazilumikiza ndi mawerengero, kuti akasuntha cimodzi aone m'mene zinzace zisunthira. Kale anali kucita zimenezi ndi pensulo. Lero acita ndi kompyuta. Koma nzeru yace si yacilendo kwa munthu amene anagawapo munda wace pakati pa cimanga ndi nshawa.

Masamu a William Allan

Kuno Kum'mawa ndi kumodzi kwa malo kumene masamu otere anayambira m'Afrika muno, ndipo ciyambi cace cinali cowawa. Itatha nkhondo ya 1898 imene Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa nayo, kampani ya North Charterland inakhala ndi dziko lalikuru masikweya mailosi 10,000. M'caka ca 1928 anthu a kuno anawadulira malo ao apadera, ndipo midzi yambiri inasamutsidwa ndi kupanikizidwa m'menemo. Azungu amene anali kuyembekezeka kudzalima malo otsalawo sanabwere ambiri. Motero mbali imodzi dziko linakhala lopanda anthu, chire linakula, nyama ndi kashembe zinabwerera. Mbali ina anthu anadzazana, nthaka inaguga ndi kukokoloka. M'caka ca 1941 Boma la nthawi imeneyo linagula mbali yaikuru ya dziko la kampani ija kuti anthu ena abwereremo, ndipo panabuka funso lakuti, malo akuti angasunge anthu angati osaonongeka?

Mmodzi wa amene anayesa kuyankha ndiye William Allan, mkuru wa za malimidwe, amene pambuyo pace analongosola njira yace m'mabuku a 1949 ndi 1965. Iye anati tifunse zinthu zitatu. Coyamba, munthu mmodzi amafuna munda waukuru bwanji kuti adye caka conse? Caciwiri, nthaka ya pamenepo ilimidwa zaka zingati isanatope, ndipo ifuna kugonera zaka zingati kuti ibwerere mwakale? Cacitatu, pa maekala 100 alionse, ndi angati amene alimika, titacotsa miyala, mapiri, mcenga ndi madambo odzala madzi?

Tiyeni tiyese ndi mawerengero ongoyerekeza. Tinene kuti munthu mmodzi afuna ekala imodzi. Tinene kuti nthaka ilimidwa zaka 4, nigonera zaka 12. Pamenepo munthuyo safuna ekala imodzi yokha ai, koma maekala 4: imodzi ali kulima, atatu ali tsala kudikira nthawi yao. Tsono ngati pa maekala 100 olimika ndi 25 okha, maekala 4 aja adzapezeka m'dziko la maekala 16. Mudzi wa anthu 200 ufuna maekala 3,200, ndipo mwa amenewa olimika ndi 800.

Onani tsopano cimene cicitika anthu akacuruka pa malo omwewo. Akafika 400, minda idya maekala 400 ndipo tsala litsala maekala 400. Nthaka imene inali kupuma zaka 12 tsopano ipuma zaka 4 zokha. Akafika 800, tsala latha. Munda uliwonse ulimidwa caka ndi caka. Palibe amene analamula kuti tsala lithe, ndipo palibe caka cimene munthu angaloze kuti ndi pamene linathera. Limangofupika pang'ono pang'ono, kufikira kaufiti ayamba kuonekera m'cimanga ndipo nkhalamba ziyamba kunena kuti nthaka ya masiku ano ndi yaulesi.

Masamu a Allan anali oongoka, koma anali ndi polekezera. Iwo anawerenga ngati kuti mlimi adzalima nthawi zonse monga analimira agogo ace. Tikawatsata monga aliri, madera ambiri a Chipata, Katete ndi Chadiza anapitirira muyeso wao kalekale, ndipo anthu akadayenera kuthawamo ndi njala. Koma alimo, ndipo agulitsa cimanga. Cimene cinalowapo ndi pulawo ya ng'ombe, fataleza, mbeu za haibulidi kuyambira ndi SR52 imene inaturuka m'caka ca 1960, ndiponso ndalama za ana ogwira nchito ku migodi ndi m'matauni. Mai wina wa ku Denmark, Ester Boserup, analemba m'caka ca 1965 kuti kucuruka kwa anthu ndiko kumene kumakakamiza alimi kupeza njira zokololera zambiri pa malo ocepa. Ananena zoona, koma ife tionjezepo kuti fataleza alipira ngongole ya caka cimodzi cokha, pamene tsala linali kubweza mphamvu ya nthaka yeniyeniyo. Funso la Allan silinafe. Langosintha maonekedwe.

Utali wa ulendo wa kumsika

Cifaniziro caciwiri ndi cakale koposa. Mlimi wina wa ku Germany, Johann Heinrich von Thünen, anasunga mawerengero a pa munda wace zaka zambiri, ndipo m'caka ca 1826 anaturutsa buku loonetsa kuti cimene munthu abzala cidalira utali wa pakati pa munda ndi msika. Pafupi ndi mzinda pakhala zinthu zoonongeka msanga ndi zolemera kunyamula, monga ndiwo zamasamba ndi mkaka. Patsogolo pace mbeu za m'nkhokwe. Kutali kwenikweni ziweto, pakuti izo zimayenda zokha kupita kumsika. Amene anayendapo kucokera mu Chipata kulowa m'midzi anaona zimenezi ndi maso: madimba a tomato, repu ndi kabichi acuruka kufupi ndi tauni ndi m'mbali mwa mseu waukuru, ndipo acepa pamene mseu uipa.

Tiyerekezenso. Thumba la cimanga la makilogalamu 50 ligulidwa K340 pa depoti, ndipo kulilima, kuwerengera mbeu, fataleza, aganyu ndi thumba lomwe, kwadya K220. Mlimi wa pafupi alipira ngolo K20, natsala ndi K100. Wa kutali alipira K90, natsala ndi K30. Wa kutsidya kwa mtsinje, amene amlipiritsa K120, satsala ndi kanthu. Iye adzalima cimanga cakudya cokha, ndipo thengo la kwao lidzakhala ciimire. Pamenepo ndiye pali malire a minda ya malonda. Malire amenewa saoneka ndi maso ndipo palibe mfumu imene inawaika, koma alipo ndithu. Tsono mtengo wa thumba ukakwera ndi K40, kapena mlato ukamangidwa ndipo ulendo ukacipa ndi K40, munthu wa kutsidya uja ayamba kuona phindu, nanola nkhwangwa. M'cinenero cathu mau akuti mtengo ali ndi matanthauzo awiri, ndipo m'nkhani yino kawirikawiri wina ukakwera, wina umagwa.

Mbiri ya cigawo cathu icitira umboni masamu amenewa. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka ndi ulendo wa makilomita oposa 550, ndipo njanji ya ku migodi siinadzere kuno. M'masiku a Fort Jameson kutumiza cimanga ulendo wonsewo kunali kutaya ndalama, cifukwa cimanga ncolemera koma mtengo wace ngwocepa. Zimene zinali kuturuka kuno zinali fodya ndi nshawa, makamaka nshawa zazikuru za Chalimbana, pakuti thumba limodzi la zimenezi linali kulipira ulendo wace ndi kutsalako. Pambuyo pa ufulu Boma linakhazikitsa NAMBOARD m'caka ca 1969, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1970 linalamula kuti mtengo wa cimanga ukhale umodzi m'dziko lonse, Boma lomwe ndi kulipira malole. Kwa mlimi wa ku Lundazi zinali ngati Lusaka wasamukira kuseri kwa nkhokwe yace. Fataleza analinso wocipa. M'zaka zowerengeka cimanga ca haibulidi cinadzaza minda, nshawa, mapira ndi mawere zinabwerera m'mbuyo, ndipo Kum'mawa kunasanduka imodzi mwa nkhokwe zazikuru za dziko.

Mtolo umenewu unalemera Boma. NAMBOARD inathetsedwa m'caka ca 1989, ndipo kuyambira 1991 malonda a mbeu anasiyidwa m'manja mwa ogula wamba. Utali wa ulendo unabwerera pamalo pace. Alimi a kutali ndi mseu anacepetsa cimanga ca malonda, ndipo thonje linakula msanga pamene makampani anatenga nchito ya Lintco m'caka ca 1994 nayamba kukongoza mbeu ndi mankhwala ndi kudzagula pakhomo. Pambuyo pace FRA, imene lamulo lace linapangidwa m'caka ca 1995, ndi fataleza wa mtengo wothandizidwa amene anayamba m'caka ca 2002 ndipo anachedwa FISP kuyambira 2009, zinakokeranso minda ku cimanga. Nthaka ndi mvula sizinasinthe kweni-kweni m'zaka zonsezi. Cimene cinali kutembenuza minda ndi mtengo umene mlimi analandira pakhomo pace.

Banja limodzi pa pepala

Akatswiri a masiku ano amayamba ndi banja limodzi. Alemba zimene banjalo liri nazo: malima angati, anthu angati ogwira khasu, ng'ombe ziripo kapena palibe, ndi ndalama zimene lingapeze m'mwezi wa Novembala. Alembanso zimene mbeu iriyonse ifuna mwezi ndi mwezi ndi zimene ibweza. Kenaka auza kompyuta kuti, poyamba dzaza nkhokwe, pambuyo pace funa ndalama zambiri monga ungathe, koma usapitirire malo, manja ndi ndalama zimene ziripo. Makina aja ayesa magawidwe zikwi zambiri, nasankha opambana.

Nkhokwe iyamba cifukwa ndi m'mene mlimi weniweni acitira. Banja la anthu 6 tinene kuti lidya matumba 20 pa caka. Ngati lima imodzi ipatsa matumba 8, banjalo liyenera kupatula malima awiri ndi theka a cakudya cokha lisanaganize za thonje kapena soya. Ngati lima ipatsa matumba 20, lima imodzi yakwana, ndipo imodzi ndi theka yamasuka. Apa mpamene paonekera kuti banja losauka silikana mbeu za malonda cifukwa ca umbuli ai. Munda wace wonse wagwidwa ndi nsima.

Cinthu cimene masamu awa aonetsa kawirikawiri, cimene anthu a m'maofesi amadabwa naco koma amai a kumudzi sadabwa, ndi cakuti cocepa ceniceni pa mabanja ambiri si nthaka koma manja, ndipo si caka conse koma masabata ocepa a Disembala ndi Januwale. Pamenepo cimanga cifuna kupalira, thonje lifuna kupatulira, nshawa zifuna kupalira, fataleza afuna kuthira, ndipo ndi nthawi yomweyo imene malungo agwetsa anthu ndi nkhokwe za ena zatha, kotero kuti asiya minda yao kukagwira ganyu kwa anzao. Munthu angakhale ndi malima 20, koma ngati manja ace apalira 6 okha pa nthawi yace, munda wace weniweni ndi malima 6. Mukaika ng'ombe ziwiri ndi pulawo m'cifaniziro, kapena mankhwala opha udzu, munda ukula pomwepo, ndipo ngati kuli thengo pafupi, ukulira m'thengomo.

Pano pali cinthu cimene tiyenera kucinena mosabisa. Anthu ambiri amati mlimi akakolola zambiri pa lima imodzi adzaleka kutema nkhalango. Nthawi zina zitero, makamaka kwa banja limene lingofuna cakudya, ndi kumene malo atha kale. Koma kumene thengo likalipo ndipo msika uli wabwino, lima yopatsa matumba 20 imauza mwini wace kuti lima ina yoonjezera idzapatsanso 20. Phindu likakula, cilakolako ca mphanje cikula naco. Cifukwa cace mbeu yabwino ndi fataleza pa zokha sizisunga nkhalango. Pafunikanso mau a mfumu ndi pangano la mudzi lonena kuti apa ndi polima, apa ndi pa ziweto, apa nkhwangwa isafike.

Onse akacita cimodzimodzi

Akatha banja limodzi, akatswiri apanga mitundu ingapo ya mabanja: la pa mtunda ndi la ku cigwa ca Luangwa kumene mvula icepa ndipo njobvu zidya m'minda, lokhala ndi ng'ombe ndi lopanda, loyang'aniridwa ndi mai yekha, la pafupi ndi mseu ndi la kutali. Mtundu uliwonse aucurukitsa ndi ciwerengero ca mabanja otero, ndipo apeza minda ya boma lonse kapena cigawo conse.

Koma kuonkhetsa kokha sikukwana, cifukwa cimene cipindulitsa munthu mmodzi cingagwetse anthu zikwi zana akacicita pamodzi. Alimi a thonje akumbukira. M'caka ca 2011 thonje linagulidwa pa mtengo wopitirira K3,000 pa kilogalamu m'ndalama zakale. Aliyense anathamangira thonje, m'maiko ena anacitanso cimodzimodzi, ndipo m'caka ca 2012 ogula anabwera ndi K1,600. Kunali mkwiyo waukuru, ndipo caka cotsatira minda ya thonje inacepa kwambiri. Za soya ndi zadzulo: mitengo yabwino inakopa alimi kufikira dziko linakolola matani oposa 700,000 m'caka ca 2023, mtengo unagwa, ndipo caka comweco FRA inakweza thumba la cimanga kucoka pa K180 kufika pa K280. Ambiri anasiya soya nabwerera ku cimanga. Gwero la bvuto limeneli nlakuti mlimi abzala poyang'ana mtengo wa caka catha, koma agulitsa pa mtengo wa caka cino, umene upangidwa ndi zimene anzace onse anabzala. Cifaniziro cabwino ciyenera kubweza zokolola zonse kumsika, kuona m'mene mtengo utsikira, ndi kubwereranso kwa mlimi. Ndipo mlimi wocenjera angacite masamu omwewo pa yekha: akaona kuti mudzi wonse ndi midzi yoyandikana yagula mbeu imodzi, adziwe kuti mtengo wa caka catha sadzauonanso, ndipo asaike munda wonse pamenepo.

Funso lotsala ndi lakuti minda yatsopano idzatsegulidwa pati. Apa athandiza ndi makina ojambula dziko ali m'mlengalenga, amene anayamba nchito imeneyi m'caka ca 1972. Poyerekeza zithunzi za zaka zosiyana, akatswiri aona pamene panali thengo ndipo tsopano pali minda, napeza kuti nkhwangwa imatsata mseu, mudzi, nthaka yofiira ndi malo osatsetsereka. Atero alemba mapu oonetsa malo amene ali pa ngozi m'zaka zirinkudza, monga m'mphepete mwa nkhalango za Boma ndi kufupi ndi malo a nyama a Lukusuzi, kumene anthu ocokera ku madera odzaza amasamukira kufuna nthaka yatsopano. Kufufuza kwa nkhalango kumene kunacitika pakati pa 2005 ndi 2008 kunayerekeza kuti dziko la Zambia linali kutaya mahekitala 250,000 kufikira 300,000 a nkhalango caka ciri conse, ndipo kutsegula minda ndi kuocha makala ndizo zinali patsogolo.

Zimene ng'ombe yadothi iribe

Tisanamizane kuti masamu amenewa ndi ula. Alimi amene anabwerera ku cimanga m'dzinja la 2023 anacita mwanzeru monga mwa mitengo. Koma mvula inadula pakati pa nyengo, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 cilala cinalengezedwa kuti ndi tsoka la dziko lonse. Pa mahekitala monga 2,200,000 a cimanga amene anabzalidwa, pafupifupi 1,000,000 anaonongeka, ndipo dziko linakolola matani monga 1,500,000 pamene caka cam'mbuyo linakolola oposa 3,000,000. Palibe cifaniziro ca mitengo cimene cikadaletsa zimenezo. Cimene cingathe ndi kuonetsa kuti banja kapena cigawo cimene caika zonse pa mbeu imodzi cigwa kwambiri pa caka coipa koposa cimene casunga cinangwa, kacamba, nyemba, mapira ndi dimba.

Palinso zinthu zimene sizilowa bwino m'mawerengero. Nthaka ya makolo siigulidwa monga thumba la mcere. Igawidwa ndi mafumu ndi nyakwawa, ndipo kwa Acewa itsata mbumba pamene kwa Angoni itsata atate. Mkamwini amene sadziwa ngati adzakhalitsa pamudzi sangafulumire kubzala mitengo m'munda wa eni ace, ngakhale masamu anene kuti mitengoyo ipindula. Nshawa m'mabanja ambiri ziri m'manja mwa amai, ndipo ndizo zigula sopo ndi makope a ana ndi kutendera ndiwo. Katswiri amene aona banja ngati thumba limodzi la ndalama adzalangiza kuzicotsa, osadziwa cimene waononga.

Colakwa cacikuru koposa, monga tionera ife, ndi kulemba thengo ngati malo opanda nchito. Cinthu cimene sicipita kumsika ciribe mtengo wolembedwa, ndipo cimene ciribe mtengo makina aciyesa cabe. Koma m'thengo ndi m'mene mucokera nkhuni, mirimo ndi udzu wofolera, bowa, masuku, uci, mphalabungu ndi mankhwala, ndipo ndimo mudya ng'ombe zimene zikoka pulawo. Phiri likametedwa, madzi amathamanga osalowa pansi, dambo liuma msanga ndipo zitsime ziphwa mwezi wa Okutobala usanafike. Akatswiri abwino tsopano amayesa kuika mtengo pa zinthu zimenezi, ndipo akatero, phindu la mphanje yatsopano limacepa koposa m'mene lionekera pa tsiku logulitsa.

Njira zobwezera tsala m'malo ocepa ziripo, ndipo zina zinayesedwa konkuno. Pa malo ofufuzira za malimidwe a Msekera, pafupi ndi Chipata, anaonetsa kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti munda wogonera zaka ziwiri kapena zitatu uli ndi mitengo ya jelejele umabweza cimanga cabwino koposa tsala la udzu la zaka zomwezo. Gilisidiya wobzalidwa m'mizere pakati pa cimanga, msangu umene ugwetsa masamba ace nthawi ya mvula, ndi kasinthasintha wa cimanga ndi nshawa kapena soya, zonsezi zicita nchito imodzi. M'masamu a Allan tinganene kuti zifupikitsa zaka 12 zija popanda kupha nthaka. Koma nazonso zifuna manja m'miyezi yomwe ija ya kupalira, ndipo zifuna kuti mbuzi ndi moto wa m'cilimwe ziletsedwe, cimene munthu mmodzi sangacite popanda mudzi.

Alembi akafika pakhomo

Mawerengero onse amene tachula acokera kwa inu. Caka ndi caka, mbeu zikali m'munda, a Unduna wa za Malimidwe pamodzi ndi a ofesi ya ciwerengero ca dziko amatuma alembi ku mabanja osankhidwa kudzafunsa kukula kwa minda, mbeu zimene zabzalidwa, fataleza amene wathiridwa ndi matumba amene ayembekezeka. Safika pa nyumba iriyonse. Banja limodzi lofunsidwa liimira mabanja ena ambiri, ndipo yankho lace licurukitsidwa. Ena amacepetsa dala zokolola poganiza kuti adzalandira thandizo, ena amakuza munda poganiza kuti adzalandira fataleza wambiri. Alembi aja sagawa cimodzi ca zimenezi. Koma ciwerengero cikacepa koposa coonadi, Boma lingatseke malire poopa njala, cimanga ndi kudzaza m'dziko, mtengo ndi kugwa pa nthawi imene inu mugulitsa. Cikakula koposa coonadi, cimanga cingaturuke kunja ndipo ufa udzakwera m'Januwale pamene inu mugula.

Ambiri sanama dala, koma sadziwa kukula kwa minda yao. Lima imodzi ndi mamita 50 m'litali ndi mamita 50 m'lifupi. Malima 4 ndiwo hekitala imodzi, ndipo hekitala ndi maekala pafupifupi awiri ndi theka. Mlangizi wa malimidwe wa m'dera lanu angakuthandizeni kupima ndi cingwe, kapena ndi lamya ya m'manja imene ipima malo munthu akazungulira munda. Mukapima, tengani kope la mwana losatha, mulembe munda uliwonse pa tsamba lace: mbeu imene mwabzala ndi tsiku lace, matumba a fataleza, masiku a ganyu ndi malipiro ace, matumba amene mwakolola, ndalama za ngolo, ndi mtengo umene mwalandira. Mulembenso caka cimene mundawo unagonera komariza.